Ciwongolero cikanjenjemera m'manja, cikukuuzani ciyani?

Magalimoto ambiri amene tikuwaona masiku ano ku Tete, ku Ulongué ndi ku Lichinga ndi ogula kunja, makamaka ku Japan, atayendako kale zaka zingapo. Ena mwa iwo amabwera ndi zinthu zimene wogulitsa sakufotokozerani, mwina cifukwa nayenso sazidziwa. Cimodzi mwa zinthuzo ndi ici: mukuyenda bwinobwino pa msewu wa phula, mwadzidzidzi ciwongolero, cimene ambirife timangoti volante, canjenjemera m'manja mwanu kwa kanthawi, ngati foni imene mwaitseka mawu. Kenaka zii.

Wina akamva zimenezi amathamangira kwa mekaniko, kuganiza kuti galimoto yaonongeka, n'kutaya ndalama pa cinthu cimene cili bwinobwino. Wina amafufuza batani lozimitsira, n'kuzimitsa, basi nkhani yatha. Ndiye pali winanso amene ciwongolero cake cikunjenjemera cifukwa tayala latsala pang'ono kuphulika, koma iye akuti ndi zamakono zimenezo. Atatu onsewa akusowa cinthu cimodzi: kudziwa kuti kunjenjemerako kukucokera kuti, ndipo kukutanthauza ciyani. Nkhani ino ikufotokoza zimenezo. Ngakhale mulibe galimoto, werenganibe, cifukwa moyo wanu umakhala m'manja mwa woyendetsa tsiku lililonse limene mwakwera chapa kapena basi.

Masekondi ocepa, mamita ambiri

Tiyambe ndi masamu pang'ono, osaopa, ndi ophweka. Galimoto imene ikuthamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Ikafika makilomita 100 pa ola, imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi. Tsono tiyerekeze kuti woyendetsa watsinzina kwa masekondi anayi, kapena waweramira pa foni kuti aone amene watumiza uthenga. Pa makilomita 100 pa ola, galimotoyo yayenda mamita oposa 110 popanda woiyang'anira. Ndi mtunda woposa utali wa bwalo la mpira, kucokera pa golo ino kukafika pa golo inayo.

Onaninso kukula kwa msewu. Mbali imene galimoto imodzi imayendamo nthawi zambiri imakhala ya mamita atatu kapena atatu ndi theka m'lifupi. Galimoto yaing'ono imatenga pafupifupi mamita awiri, kamiyau imatenga awiri ndi theka. Ndiye kuti malo otsala uku ndi uku sakwana n'komwe mita imodzi. Galimoto ikangopendekera kumbali pang'ono, m'masekondi awiri kapena atatu yalowa kale mbali ya magalimoto obwera kutsogolo, apo ayi yatsikira kunja kwa phula kumene kukuyenda anthu apansi ndi apanjinga.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina loti OMS, linanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu caka ciliconse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29. Zina mwa ngozi zoopsa kwambiri ndi zimenezi za galimoto yocoka m'mbali yake: kuombana mphuno ndi mphuno, kugubuduzika, kuomba mtengo. Akuluakulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Opanga magalimoto anayesa kucipangira ng'oma, ndipo ng'omayo anaiika m'manja mwa woyendetsa.

Diso, ubongo ndi dzanja

Cipangizo cimeneci cili ndi mbali zitatu. Mukazimvetsa zitatuzi, zina zonse zikhala zosavuta.

Mbali yoyamba ndi diso. Yang'anani pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera m'mbuyo. Mukaona kabokosi kakuda komatidwa pamenepo, m'kati mwake muli kakamera koyang'ana kutsogolo. Kakamerako kamajambula msewu kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Cimene kakufuna ndi mizere yopakidwa pa msewu, woyera wa pakati ndi wina wa m'mphepete.

Mbali yaciwiri ndi ubongo, kutanthauza kakompyuta ka m'galimoto. Kamatenga zithunzi zija n'kuwerengera kuti galimoto ili pati pakati pa mizere iwiriyo, ikulowera kuti, ndipo pa liwiro limeneli iponda mzere pakapita masekondi angati. Kamafunsanso funso lina lofunika: kodi woyendetsa wayatsa nyali yosonyeza kumene akukhotera, ija timati pisca? Ngati wayatsa, ndiye kuti akucoka m'mbali yake mwadala, kakompyutako kamangokhala cete. Ngati sanayatse, kamaganiza kuti munthuyu sakudziwa zimene zikucitika, ndipo kamatumiza cenjezo.

Mbali yacitatu ndi dzanja limene limakugwedezani. M'magalimoto ena muli kamota kakang'ono m'kati mwa ciwongolero, kokhala ndi kacitsulo kolemera mbali imodzi. Kamotako kakazungulira mofulumira, kacitsulo kaja kamakoka uku ndi uku, ciwongolero n'kunjenjemera. Ndi nzeru yomweyo imene ili mu foni yanu. M'magalimoto ena mulibe kamota kapadera. Amagwiritsa nchito mota yamagetsi imene imafewetsa ciwongolero kuti cisamalimbe pokhota. Kakompyuta kamauza motayo kuti igwedezeke mwamsanga kumanzere ndi kumanja pang'onong'ono, inu n'kumva m'zikhatho.

Dziwaninso kuti zipangizozi sizofanana zonse. Zina zimangocenjeza basi, kuwongola n'kwanu. Zina zikacenjeza zimakankhirako ciwongolero pang'ono kuti galimoto ibwerere pakati. Zinanso zimathandiza kusunga galimoto pakati pa mizere nthawi yonse, koma nazonso zimafuna manja anu akhale pa ciwongolero, ndipo mukawacotsa kwa masekondi angapo zimayamba kudandaula. Pa zonsezi palibe cimene cimayendetsa galimoto m'malo mwanu.

Bwanji osangoika belu?

Funso labwino. Magalimoto ambiri alidi ndi kabelu kolira kuti pii pii pii, ndipo ena amayatsa kanyali pa painel. Koma ganizani za m'galimoto mmene mumakhalira. Wailesi ikuimba, injini ikulira, okwera akukambirana za mtengo wa cimanga, mwana akulira kumbuyo. Kabelu kamatha kusowa m'phokoso limenelo. Komanso m'galimoto yamakono muli mabelu ambiri: la lamba, la citseko, la mafuta, la pobwerera m'mbuyo. Limodzi likalira, woyendetsa amayamba wadzifunsa kuti ili ndi la ciyani, ndipo nthawi ikupita.

Nanga kanyali? Kanyali kamafuna maso. Koma vuto lenileni n'lakuti masowo ndi amene acoka pa msewu kapena atsinzina. Simungacenjeze munthu wotsinzina pomuonetsa nyali.

Khungu la m'manja ndi lina. Pansi pa khungu la zala ndi zikhatho pali tinthu ting'onoting'ono tomva kunjenjemera, timene katswiri wa za thupi la munthu wa ku Italy, Filippo Pacini, anatifotokoza m'zaka za m'ma 1800. Tinthu timeneti ndi tacheru kwambiri, n'cifukwa cake mumamva foni ikunjenjemera m'thumba ngakhale muli pakati pa msika. Komanso cenjezo la pa ciwongolero limafika pa malo enieni pamene pakufunika kucitapo kanthu. Manja amene amva ndi omwewo amene awongole.

Pali cifukwa cinanso cimene ndi ca umunthu cabe. Belu likalira, aliyense m'galimoto amamva kuti woyendetsa walakwitsa. Apongozi ali pambali, abwana ali kumbuyo, belu n'kumangoti pii pii. Manyazi amamugwira munthu, mapeto ake amazimitsa cipangizo conse. Kunjenjemera kumamveka kwa woyendetsa yekha, ngati mnzanu wokutsinani mwakacetecete pa msonkhano mukayamba kusinza. Bungwe la ku America lofufuza za ngozi za pamsewu, lochedwa IIHS, litayang'ana magalimoto obwera kudzakonzedwa linapeza kuti anthu amakonda kusiya coyatsa cipangizo cocenjeza monjenjemera kusiyana ndi ca belu. Bungwe lomwelo linapezanso mu 2017 kuti magalimoto okhala ndi cenjezo la mizere anacepetsa ndi 11 pa 100 alionse ngozi za mtundu umenewu: kucoka mumsewu, kukhulana m'mbali ndi kuombana mphuno ndi mphuno. Ngozi zoterezi zovulaza anthu zinacepa ndi 21 pa 100 alionse. Mwaona, si zozizwitsa ai, ngozi sizinathe. Koma m'manambala amenewo muli anthu amene anafika kwawo ali moyo.

Nzeruyi inacokera kuti?

Isanalowe m'galimoto, nzeru imeneyi inali pa msewu penipeni. Ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, anayamba kupanga timizere tokakala pa misewu ina. Tayala likapondapo, galimoto yonse imanjenjemera n'kulira kuti grrrr, woyendetsa n'kudzidzimuka. Mwina munamvapo zofanana ndi zimenezi pa timizere toyalidwa mopingasa msewu pafupi ndi sukulu, msika kapena mlatho. Kunjenjemera kwa ciwongolero kumatsanzira timizere timeneti, kungoti tsopano galimoto imayenda nato yokha kulikonse kumene ikupita.

Oyendetsa ndege nawonso akhala ndi cofanana naco kwa zaka zambiri. Ndege zikuluzikulu zili ndi cipangizo cimene cimagwedeza mwamphamvu cogwirira ca woyendetsa pamene mapiko atsala pang'ono kulephera kuinyamula m'mwamba. Anasankha kugwedeza dzanja cifukwa pa nthawi yoopsa munthu akhoza osamva belu, koma dzanja lake likagwedezeka sangalephere kudziwa.

Ku Ulaya, cenjezo la mizere linayamba kugulitsidwa mu 2000 pa makamiyau a Mercedes-Benz Actros. Limenelo linali la phokoso lotsanzira timizere tokakala tija. Mu 2001 kampani ya Nissan ku Japan inaika cipangizo cothandiza kusunga mzere m'galimoto yake yochedwa Cima. Pofika 2005, kampani ya Citroën ya ku France inali ndi magalimoto amene mpando wa woyendetsa umanjenjemera mbali imene galimoto ikupatukira. Pofika 2007, makampani a ku Germany a Audi ndi BMW anali atasankha kunjenjemeretsa ciwongolero. Poyamba zinali makamaka za magalimoto odula. Kenaka maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analamula kuti kuyambira Novembala 2015 makamiyau ndi mabasi akuluakulu atsopano azikhala ndi cenjezo la mizere. Kuyambira Julayi 2024, galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano yogulitsidwa kumeneko iyenera kukhala ndi cipangizo cobwezera galimoto m'mbali yake pa nthawi yangozi, komanso cina cozindikira kuti woyendetsa wayamba kusinza.

Zikutikhudza bwanji ife? Galimoto imene lero ndi yatsopano kunja, pakapita zaka zingapo idzatsika m'sitima pa doko la Beira, Nacala kapena Maputo. Zimene lero zikuoneka zacilendo, mawa zidzakhala m'galimoto ya mphunzitsi, ya namwino ndi ya wamalonda wa pa msika.

Cenjezo kapena matenda a galimoto?

Apa ndiye pofunika kuchera khutu, cifukwa ciwongolero cimanjenjemera pa zifukwa zambiri, ndipo zina ndi zoopsa.

Kunjenjemera kwa cenjezo kumakhala kwakufupi, sekondi imodzi kapena ziwiri. Kumabwera pamene tayala layandikira kapena laponda mzere, ndipo mukabwerera pakati kumasiya. Kumakhala kofanana nthawi zonse, kosalala ngati kwa foni. Kawirikawiri pa painel pamaoneka kacithunzi ka galimoto ili pakati pa mizere iwiri, mzere umodzi ukuphethira kapena utasintha mtundu. Mukayatsa pisca musanadutse mzere, sikubwera. Ndipo pa liwiro locepa la m'tauni sikubwera, cifukwa zipangizo zambiri zimayamba kugwira nchito galimoto ikapitirira makilomita 50, 60 kapena 65 pa ola, malinga ndi kampani.

Kunjenjemera kwa matenda kuli ndi makhalidwe ena. Ngati kumayamba mukafika pa liwiro linalake, mwacitsanzo pakati pa 80 ndi 110, n'kumapitirira osasiya, nthawi zambiri ndiye kuti kulemera kwa tayala sikukufanana mbali zonse. Mwina kantovu kamene amamata pa limu kagwa, mwina matope auma m'kati mwa limu. Mankhwala ake ndi aja amalemba pa zikwangwani za okonza matayala kuti balanceamento. Ngati kunjenjemera kumabwera pokhapokha mukaponda buleki, kaonetseni mabuleki akutsogolo, cifukwa zitsulo zozungulira zimene mabuleki amagwira zikhoza kukhala zitatha mosafanana. Ngati ciwongolero cikuvina uku ndi uku ngakhale pa liwiro locepa, tsikani muyang'ane matayala. Tayala likhoza kukhala ndi cotupa, kapena limu lapindika mutagwera m'dzenje. Ngati mukumva kugogoda ndipo ciwongolero cikucita ngati camasuka, pakhoza kukhala zitsulo zolumikiza ciwongolero ndi matayala zimene zatha, kapena manati a tayala amasuka. Zimenezi si zodikira mawa. Imani pamalo abwino nthawi yomweyo.

Mukakayika, pali njira yophweka yosiyanitsira. Galimoto ili ciimire, pezani batani lozimitsira cenjezo. Limakhala pa ciwongolero kapena pafupi naco, lili ndi kacithunzi ka galimoto ikudutsa mzere, ndipo pa magalimoto ena a Toyota cipangizoci amacichula ndi zilembo LDA. Zimitsani, yendani pa msewu womwewo ndi liwiro lomwelo. Kunjenjemera kukapitirira, vuto lili m'matayala, m'mabuleki kapena m'zitsulo, pitani kwa mekaniko. Kukasiya, ndiye kuti linali cenjezo. Mukatero yatsaninso, ndipo dzifunseni cifukwa cake mumaponda mzere kawirikawiri conco.

Pamene diso lija siliona

Tanena kuti kakamera kamafuna mizere. Tsono inu mukudziwa misewu yathu. Pali malo amene mizere ikuoneka bwino, makamaka pamene msewu wangokonzedwa kumene. Pali malo amene utoto unafufutika kalekale ndi dzuwa, mvula ndi matayala a makamiyau. Pali malo amene mcenga wakwirira m'mphepete mwa phula. Ndipo misewu yambiri yopita kumidzi ndi yafumbi, yopanda mzere ngakhale umodzi. Pamene palibe mzere, zipangizo zambiri zimangokhala duu. Sizinaonongeke ai, zilibe coti ziwerenge.

Apa pali msampha. Woyendetsa amene wazolowera kuti ciwongolero cimamudzutsa akhoza kuyamba kucidalira. Tsiku lina adzasinza pa malo opanda mizere, ndipo palibe cimene cidzamugwedeze. N'cifukwa cake muyenera kudziwa kacithunzi ka pa painel kaja. M'magalimoto ambiri, mizere ya pa kacithunziko imawala kapena kudzaza mtundu pamene kamera ikuona msewu, ndipo imazilala pamene sikuona. Ikazilala, dziwani kuti muli nokha.

Ngakhale pa msewu wa mizere yabwino, diso lija limavutika ndi zimene zimavutitsa maso anu: mvula yamphamvu, cifunga ca m'mawa ngati cija ca ku mapiri a Angónia m'nyengo yozizira, utsi wa moto wa m'chire, fumbi, ndi dzuwa lotsika likamawomba pa galasi. Nthawi zina limanyengedwa. Pamene amata phula latsopano m'ming'alu ya msewu pamatsala mizere yakuda yonyezimira, kamera n'kuiyesa mizere yeniyeni. Pamene msewu ukukonzedwa, mizere yakale ndi yatsopano imasokonezana. Ciwongolero cikhoza kunjenjemera pamene simunalakwe ciliconse.

Komanso kumbukirani kuti cenjezo la mizere silidziwa cifukwa cimene mwadutsira mzere. Mukapatuka kuti mupewe dzenje, mbuzi, kapena bambo wonyamula matumba a makala pa njinga, ciwongolero cidzanjenjemera ndithu ngati simunayatse pisca. Musabwerere mwamantha n'kukagunda wanjingayo. Maso anu ndiwo akuluakulu, cipangizo ndi wothandiza cabe. Ngakhale zija zokankhira ciwongolero zimakankha mofatsa dala, kuti dzanja lanu lizitha kuzigonjetsa.

Ndipo cenjezo likabwera pa nthawi yeniyeni, mutasinzadi, musakoke ciwongolero mwamphamvu. Ngozi zambiri zogubuduzika zimacitika conco: tayala latsika kunja kwa phula, woyendetsa wadzidzimuka, wakoka mwamphamvu, galimoto yadumphira mbali inayo. Gwirani ciwongolero ndi manja awiri, cotsani phazi pa mafuta, lolani liwiro litsike, kenaka bwererani pa phula pang'onopang'ono mutaona kuti kumbuyo ndi kutsogolo kuli bwino.

Cimadzutsa, koma sicicotsa tulo

Anthu a ku Tete amaona makamiyau usana ndi usiku pa msewu wa N7, ocokera ku doko la Beira kupita ku Zóbuè, ndi ena olowera ku Cuchamano kapena ku Calómuè. Oyendetsa ake amayenda maulendo ataliatali, amadikira pa malire, kenaka amafuna kubweza nthawi imene yatayika. Wa chapa amadzuka kusanace n'kuweruka usiku. Mwini galimoto yaing'ono amacoka ku maliro kumene wagona panja masiku awiri, n'kuyamba ulendo wobwerera kunchito. Onsewa mdani wawo ndi mmodzi.

Ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 osagona amacedwa kuganiza ndi kucitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa. Thupi lilinso ndi nthawi zake zimene limafuna kugona zivute zitani: pakati pa usiku kufikira mbandakuca, ndiponso masana mukangotha kudya. Coopsa n'cakuti tulo ta pa ciwongolero sitipempha cilolezo. Timabwera kwa masekondi ocepa, nthawi zina maso ali otsegula, ndipo munthu sadziwa n'komwe kuti anagona. Amangozindikira kuti sakukumbukira mudzi umene wangodutsa.

Magalimoto ena amayesa kuzindikira zimenezi. Volvo inayamba mu 2007, Mercedes-Benz mu 2009. Kakompyuta kamaona mmene mukugwirira ciwongolero. Munthu wogalamuka amawongola pang'onopang'ono nthawi zonse. Wosinza amasiya kuwongola kwa kanthawi, kenaka n'kukoka mwadzidzidzi. Kakaona khalidwe limeneli, kamaonetsa kacithunzi ka kapu ya khofi pa painel, kutanthauza kuti pumulani.

Koma tamverani apa. Ciwongolero cikakudzutsani kamodzi, cagwira nchito yake. Cikakudzutsani kawiri m'mphindi zocepa, uthenga wake sulinso wakuti bwererani pakati pa msewu. Uthenga wake ndi wakuti imani. Kutsegula zenera, kukweza wailesi, kudzitsina pa ncafu kapena kutafuna cingamu kumathandiza kwa mphindi zocepa cabe. Mankhwala a tulo ndi kugona. Pezani malo otetezeka kunja kwa msewu, monga pamalo omwetsera mafuta, tsekani zitseko, gonani mphindi 15 kapena 20. Ngati mumamwa khofi, imwani musanagone, cifukwa amatenga pafupifupi theka la ola kuti ayambe kugwira nchito m'thupi. Ngakhale zimenezi ndi zongokufikitsani pamalo ogona bwinobwino, si zoyendera usiku wonse.

Zoti mucite

Ngati mwagula galimoto yocokera kunja, yang'anani kuseri kwa kagalasi koonera m'mbuyo muone ngati pali kakamera. Magalimoto a ku Japan nthawi zambiri amalemba mauthenga a pa painel m'Cijapani, conco phunzirani tizithunzi take, ndipo funani buku la galimotoyo m'Cipwitikizi kapena m'Cingelezi pa intaneti. Safunsa anadya phula. Pukutani galasi pamalo pamene pali kamera, ndipo musamatepo mapepala a inshuwalansi, zithunzi kapena pulasitiki yakuda yochinga dzuwa. Galasi lakutsogolo likasweka n'kuikapo lina, kamera imafunika kuikonzanso ndi makina kuti iziyang'ana molunjika, apo ayi iziwerenga msewu molakwika. Funsani woika galasiyo ngati amadziwa zimenezi asanayambe nchito.

Zoloŵerani kuyatsa pisca nthawi iliyonse mukamadutsa mzere, ngakhale msewu uli mbee. Mukatero cipangizo sicikuvutitsani pacabe, ndipo wapanjinga ndi wapansi adziwa kumene mukulowera. Gwirani ciwongolero ndi manja awiri. Cenjezo la m'manja silingafike kwa munthu amene dzanja lina lili pa foni, lina likungokhudza ciwongolero ndi zala ziwiri. Ndipo mangani lamba, cifukwa pa tsiku limene zonse zalephera, lamba ndiye wotsala.

Nanga ngati ndinu wokwera cabe? Ma chapa ambiri amene timakwera alibe kamera, alibe kamota, alibe kapu ya khofi pa painel. M'menemo diso ndi dzanja ndinu, makamaka inu okhala mpando wakutsogolo. Zizindikiro zake ndi zomwe zija kakompyuta kamayang'ana: galimoto ikuyenda mokhotakhota pa msewu woongoka, tayala likuponda mzere wa pakati kapena kutsikira kunja kwa phula, liwiro likukwera ndi kutsika popanda cifukwa, woyendetsa akuyasamula, akutikita maso, mutu ukugwa. Mukaona zimenezi, lankhulani. Simuyenera kukalipa. Mukhoza kungoti, "Acimwene, taimani pang'ono pamsika apo, tiwongole miyendo, inunso mumweko madzi." Anzanu okwera nawo akamadandaula za kucedwa, auzeni masamu aja: masekondi anayi, mamita 110. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo woyendetsa wanzeru sakwiyira munthu amene wamudzutsa galimoto ikadali pa phula.